Timikanda ta Amayi

Chimbulu chija chinakana kutuluka m'botolo. Mzime anachikoka ndi waya, nachibaya ndi kandodo kagalasi, koma chinkangogwedera pansi pa botolopo, choyera, chonunkha pulasitiki wopserera. Tsiku lathunthu makina akuvundula, mapeto ake zimenezi!

"Ndiye timikanda take timeneto, aphunzitsi?"

Anali achimwene ake, ataima pakhomo la labu, tepi ili m'manja. Ntchito yawo inali yoyeza malo, ndipo inawalowa m'magazi. Ngakhale kumanda, masiku anayi apitawo, Mzime anawaona akuyang'ana dzenje la amayi ndi diso lofuna kudziwa m'litali ndi m'lifupi.

"Ndalakwitsa penapake," anatero Mzime. "Ndipapeza."

"Upapeze msanga. Lachisanu silidikira munthu."

Anatambasula tepi yawo kuchokera pachitseko mpaka pawindo, nalemba kenakake pachikhatho, n'kutuluka.

Labuyo inali garaja yakale kuseri kwa nyumba. Amayi anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'labu ya pa koleji, kutsuka mabotolo a anthu ophunzira kwambiri ndi kuwakonzera zomwe iwo ankalephera. Atapuma, anatulutsa galimoto yakufa m'garajamo naikamo matebulo awiri, sinki, sikelo ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Oyandikana nawo nyumba ankawaseka kuti amaphika mkaka wosamwa munthu. Zoonadi, zotuluka m'botolo lawo zinkaoneka ngati mkaka. Koma ukaika kadontho pansi pa makina oonera aja, umaona timikanda ta pulasitiki miyandamiyanda, tochepa kuposa fumbi, tozungulira, tofanana tonse ngati tobadwa mimba imodzi.

Kufananako ndiye kunali chuma chake. Kampani ina yopanga zipangizo za m'zipatala inkagula timikandato kuti iziyesera makina owerenga magazi, monga momwe sikelo amaiyesera ndi mwala wodziwika kulemera. Timikanda tikasiyana misinkhu, makina amanama, dokotala naye amanama, ndipo wodwala amapita kwawo ndi mankhwala osakhala ake.

Mkulu wa kampaniyo anabwera kumaliro. Anapepesa bwinobwino, chipewa chili pachifuwa, kenako ananena zomwe anadzera: botolo lomwe amayi analonjeza likufunika pofika Lachisanu la sabata yotsatira. Likapanda kupezeka, adzafuna kwina, ndipo akapita kwina sabwereranso.

Pamenepo ndi pomwe panagona nkhani ya bambo.

Bambo anali mkulu wa pa siteshoni ya sitima masiku awo, munthu wa yunifolomu yositidwa ndi wotchi ya tcheni. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo matenda anawapha mbali yakumanja, nawapotola pakamwa, lilime n'kulemera. Amayi ndi amene ankawasambitsa, kuwaveka ndi kuwamasulira kwa alendo. Tsopano womasulira uja anali m'dothi. Achimwene ankafuna kugulitsa nyumbayo n'kuwatengera kwawo, ulendo wa tsiku lonse, ku nyumba yosanja yopanda khonde, kumene wantchito azikawayang'anira. Mzime ankafuna kusiya uphunzitsi, kubwerera pakhomo, kuphika mkaka wa amayi ndi kusunga bambo m'nyumba mwawo.

"Uzidya chiyani? Chikondi?" anafunsa achimwene tsiku lija. "Chabwino. Tisakangane ngati ana. Kampani ikalandira botolo lako Lachisanu, bambo akhala. Ikakana, Loweruka ndikunyamuka nawo. Ndanena pamaso pa alamu ako."

Mzime anavomera msangamsanga. Sanali mphunzitsi wa sayansi kodi? Nanga buku la amayi silinali pa shelefu?

M'kabati munali mankhwala okwana kuphika kawiri kokha, ndipo ena kuti afike pankatenga miyezi itatu. Kamodzi n'kameneka kanali katathera mu sinki.

Anatsegulanso bukulo, lachikuto chakuda, lodontheredwa m'makona. Zonse zinalimo m'zilembo zowongoka za amayi. Zinthu zisanu: sipiriti, mafuta onunkha aja omwe amasanduka pulasitiki, ufa woletsa timikanda kumatana, kaufa koyambitsa ntchito, ndi madzi omanga mkati mwa kamkanda kalikonse kuti kasasungunuke, omwe amayi ankawatcha mfundo. Kulemera kwa chilichonse kunalembedwa. Kutentha kunalembedwa. Liwiro la chovundulira linalembedwa. Mzime anawerenga tsambalo mpaka analiloweza ngati vesi.

Anakumbuka tsiku lina ali kusekondale, amayi atabwera kuntchito maso ali psuu. Bwana wawo wa pa koleji anali atakopera njira ina m'buku lawo, naifalitsa m'dzina lake, osawatchula ngakhale pa mzere wothokoza. "Buku limabedwa, mwanawe," anatero amayi akuvula nsapato. Koma mwana wa zaka khumi ndi zisanu amamva zotani? Mzime ankangofuna ampatse ya thiransipoti.

Kukhonde kunamveka beseni likukhwekhwereza pasimenti.

Ameneyo anali bambo. Chimwalirire amayi, m'mawa uliwonse ikamakwana eyiti, ankakoka beseni ndi dzanja lamoyo lija, kuika sopo, burashi ndi lezala pa kampando, n'kukhala pampando wawo chibwano chili m'mwamba. Ankakhala choncho mpaka dzuwa kuwapeza. Ndevu zinali zitamera zoyera, zosokonekera, munthu amene moyo wake wonse sanagonepo ndi ndevu za dzulo. Achimwene anayesa kuwameta ndi makina awo amagetsi, bambo anawakankha. Alamu anaitana wometa wa pa msika, bambo anamutaira madzi pa thalauza.

"Ukuona?" anatero achimwene. "Mutu wapita. Ndiye iwe ukuti uwasunga wekha, uku ukuphika mapulasitiki?"

Mzime akamadutsa pakhondepo, bambo ankamukodola, pakamwa pakulimbana ndi mawu. "Iwe... iwe... thu..."

"Ndikubwera, bambo. Ndikubwera pompano."

Sankanama dala ayi. Ankathamangira iwo omwewo, kuti asachoke m'nyumba mwawo. Kungoti munthu ukhoza kutanganidwa ndi kupulumutsa m'bale wako mpaka kusowa nthawi yomupatsa moni.

Lolemba ndi Lachiwiri anathera m'labu. Anatsuka botolo katatu. Anayesa sikelo. Anayesa choyezera kutentha m'madzi owira. Anapeza kuti lamba wa chovundulira anali wolephuka, nakondwera: eya, wapezeka wakuba! Anagula lamba watsopano. Alamu ankamubweretsera tiyi n'kumutenga atazizira.

"Mlamu, kadyeni kaye," ankatero. "Akufa apita, inu musawatsatire."

"Ndidya Lachisanu."

Lachitatu m'mawa anavala gawuni yoyera ya amayi yomwe inali pa msomali. Inali ya manja aafupi, inkanunkha sipiriti ndi mafuta awo odzola. Anayeza zinthu zisanu zija mosamala, nazithira m'botolo chimodzichimodzi. Mfundo anathira pomaliza, nagwedeza kabotolo kake kuti dontho lotsala ligwe. Anatseka, namiza botolo m'madzi otentha, nayatsa chovundulira. Madzi a m'botolomo anali mbee, ukuona tsidya lina. Wotchi ya belu yapakhoma inkati eyiti.

Panalibenso choti achite koma kudikira mawa. Manja atasowa ntchito, anatuluka.

Bambo anali pamalo pawo, chibwano m'mwamba. Atamva chitseko cha labu anatembenuka, ndipo ataona gawuni yoyera nkhope yawo inasungunuka mbali yamoyo ija. Mzime anachita manyazi. Masiku asanu ndi anayi osametedwa!

"Ndikumeteni, bambo?"

Anagwedeza mutu, natseka maso.

Anatenga madzi ofunda kukhitchini. Anapaka sopo mofulumira, natenga lezala, koma dzanja la bambo linamugwira pamkono. Linali ndi mphamvu zodabwitsa.

"Thaulo," anatero. "Kaye."

Ananyika thaulo m'madzi ofunda nawafunditsa kumaso. Atafuna kulichotsa, anamugwiranso. Anadikira. Kenako bambo anakweza zala ziwiri: kawiri. Anawafunditsanso. Atamaliza, dzanja lija linatsika, n'kuyamba kupapasa thumba la gawuni. Linapapasa lakumanzere, linapapasa lakumanja, linabwereranso lakumanzere. Maso awo anatseguka.

"Kali... kuti?"

"Chiyani, bambo?"

"Ka... botolo."

"Kabotolo kanji?"

Bambo anapuma mozama. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati akukoka ndowa m'chitsime chakuya, koma kwa munthu wokhala pansi n'kumvetsera ankamveka ndithu.

"Mfundo. Amako... m'thumba. Kundimeta kaye. Ine... wotchi." Anagogoda thumba la malaya awo, momwe munali wotchi ya tcheni ija. "Ine ndikati... nyamuka... apita. Dontho... dontho."

Mzime anacheukira ku labu.

"Mfundo sankathira limodzi ndi zinazo?"

Bambo anapukusa mutu mwamphamvu, ngati wamva mwano. "Ana... abadwe kaye. Onse. Kumanga... pambuyo."

Lezala inagwera m'beseni. Mzime anathamanga, gawuni ikumukola m'miyendo. Koma kuthamangira chiyani? Madzi a m'botolo aja anali atachita kale mtambo, ndipo m'mbali mwa galasi munali mutayamba kumatirira timibulu, tating'ono ngati mapira, tikuzungulira ndi chovundulira, kukumana, kugwirana. Anaima n'kumayang'ana. Iye mwini ankaphunzitsa ana asukulu kuti zinthu zina zikasintha sizibwereranso mwakale. Zomveka zake zinali poyera, mwana wa fomu thuu akanazimva: timikanda timabadwa tonse m'mphindi zoyambirira, ndipo ukatimanga tisanathe kubadwa, tina timakula, tina timapinimbira, tonse n'kugwirana chimbulu chimodzi. Amayi ankadikira kubadwako kuthe. Mzere umodzi wokhawo ndi umene sanaulembe m'buku.

Safunsa anadya phula, amatero. Iye ankadutsa yankho kangapo patsiku, likumukodola, iye n'kumati ndikubwera.

Anazimitsa makina. M'labumo munangoti zii.

Chijumbo cha kuchipatala chinali kunsi kwa bedi la amayi, chomangidwa momwe anamwino anachiperekera. Palibe anali atalimba mtima kuchitsegula. Amayi anagwa m'mawa, pakanjira ka pakati pa khonde ndi labu, ndipo anthu anawanyamula ndi zovala zomwezo. Mzime anamasula mfundo ya chijumbocho ndi mano. Munali nsapato, mpango, ndi gawuni ina yoyera, yodulidwa ndi sizasi kutsogolo. M'thumba lakumanzere munali kabotolo kabulauni, kotalika ngati chala, kodzaza mpaka m'khosi. Pa kapepala komatidwa pamenepo amayi analemba mawu atatu: Dikira a siteshoni.

Anakhala pansi pomwepo, nalira kulira komwe sanalire kumanda. Mfundo inalipo, njira anali ataidziwa, koma mafuta omangidwawo anali atathera m'zimbulu ziwiri.

Achimwene anamupeza ali choncho. Anawafotokozera zonse, akusefukira mawu, kabotolo kali m'manja. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo kunena zoona nawonso maso anafiira.

"Ndiye mutu wawo uli bwinobwino," anatero Mzime. "Ankatiuza. Ife ndi amene sitinkamva. Achimwene, miyezi itatu yokha. Mankhwala akafika ndiphika, muona."

"Uphikira ndani?"

"Ndiwapempha a kampani adikire."

"Apemphe. Ine sindikukaniza." Anakhala pa bedi, napukuta kumaso ndi chikhatho. "Koma tamvera, Mzime. Tchuthi changa chikutha Lamlungu. Iwe ukapanda kuonekera kusukulu Lolemba, akuchotsa. Ukhala muno wopanda ntchito, wopanda wogula, ndi munthu wofuna mankhwala mwezi uliwonse. Ukuyesa ine ndikusangalala? Ndinabadwira m'chipinda chino ine."

"Kwanu kulibe khonde."

"Ndikudziwa."

"Akafa ndi chisoni."

"Muno afa ndi njala. Sankha wekha."

Mkulu wa kampani anabwera Lachisanu masana. Mzime anamuonetsa kabotolo, namuonetsa buku, namulonjeza timikanda tofanana ndi ta amayi. Munthuyo anamvetsera mwaulemu, akuzunguza makiyi a galimoto pa chala.

"Chemwali, ndikukukhulupirirani," anatero. "Koma makina a m'zipatala sangakhale miyezi itatu osayesedwa. Mumafuna ndiwauze chiyani odwala? Pepani kwambiri. Mayi anu anali munthu wa manja osowa."

Anapita. Madzulo ake achimwene ndi alamu anayamba kulongedza zovala za bambo. Yunifolomu yakale anaipinda pansi penipeni pa sutikesi. Bambo ankayang'ana katundu akudutsa, osafunsa kanthu. Munthu amene wathera moyo pa siteshoni safunika kumuuza kuti sutikesi ikatuluka ndiye kuti pali ulendo.

Loweruka m'mawa galimoto inali itadzaza isanakwane eyiti. Achimwene ankafuna kunyamuka kusanatenthe. Koma beseni linakhwekhwereza pasimenti, ndipo bambo anakhala pampando wawo, chibwano m'mwamba.

"Bambo, tikameta tikafika," anatero achimwene. "Njira ndi yaitali."

"Asiyeni," anatero Mzime.

Analowa m'labu, navala gawuni, naika kabotolo kabulauni m'thumba lakumanzere. Anatuluka, natseka chitseko mwamphamvu kuti chimveke. Atafika pakhonde, dzanja la bambo linapapasa thumba, linapeza chomwe linkafuna, linabwerera pa bondo. Anatulutsa wotchi yawo naitsegula.

Thaulo lofunda, kawiri. Sopo wopakidwa ndi burashi mozungulira, osati mopaka khoma. Tsaya lamoyo kaye, kenako lakufa lija, lomwe limafuna kulikoka ndi zala ziwiri kuti lezala isadule. Pansi pa mphuno. Pakhosi, pang'onopang'ono. Mzime akafulumira, chala cha bambo chinkagogoda pa bondo, iye n'kubweza dzanja. Anawatsuka, nawapukuta, nawadzoza mafuta. Bambo anatambasula dzanja lakufa lija kuti alithyole zala chimodzichimodzi ndi kulisisita mpaka m'chigongono. Kenako chipeso. Kenako kolala.

Alamu anatuluka m'galimoto naima pa mthunzi. Achimwene anayang'ana foni yawo kawiri, kachitatu anaiika m'thumba.

Zonsezo zinatenga pafupifupi ola. Mzime ankaganiza za wotchi ya belu yomwe inali pakhoma la labu, yogula amayi okha, yosaphonya ngakhale mphindi. Mayi amene ankayeza ufa mpaka kachidutswa kosaoneka sankafunikira womuuza nthawi. Koma panali mwamuna wina amene kale ankanyamutsa sitima ndi dzanja limodzi, amene anadzuka tsiku lina osatha kumanga batani la malaya ake, n'kumapempha kuti angofa. Amayi anam'patsa ntchito mwamuna ameneyo, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri palibe kamkanda kanamangidwa m'nyumba muno iye asanalole.

Bambo anayang'ana wotchi. Anadikira kamuvi kafike pomwe ankafuna. Kenako anawongola msana, nakweza dzanja lamanzere m'mwamba, chikhatho chotambasula.

"Nyamuka," anatero, ndipo mawuwo anatuluka athunthu, osapunthwa.

Mzime ananyamuka. Anayenda kanjira kaja, napyola pomwe amayi anagwera, nalowa m'labu. Botolo lalikulu linali pa tebulo, lotsukidwa, louma, lopanda kanthu. Anatsegula kabotolo kabulauni. Pawindo ankaona bambo atatembenuzira khutu ku labu, wotchi ili m'manja. Anadontheza mfundo m'botolo lopanda kanthulo, dontho, kudikira, dontho, mpaka kabotolo kanauma.

Atabwerera pakhonde anagwada pafupi ndi mpando.

"Amayi ankati chiyani akabwerako?" anafunsa.

Bambo analimbana ndi mawu. "Ankati... yafika bwino... bwana."

"Yafika bwino, bwana," anatero Mzime.

Bambo anagwedeza mutu kamodzi, natseka wotchi yawo. Sanaibwezere m'thumba la malaya. Anaiponya m'thumba lakumanzere la gawuni, momwe munali kabotolo, kenako anatambasulira achimwene dzanja kuti awadzutse.